Denga la ku Benga, Boti la ku Joni

Benga, Nkhotakota
11 Malichi 1996

Okondedwa bambo a Mada,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu kumeneko ku Joni. Kuno tilipo. Madaliso anadwala kwambiri malungo, koma tsopano wayambanso kupita kusukulu.

Kalata yanu ya Febuluwale ndaiwerenga mpaka yang'ambika mopindamo, kuganiza kuti kapena maso ndiwo akundinamiza. Mukuti bwana Kotze, amene mwawalimira maluwa zaka zonsezi, amwalira. Pepani. Mukutinso dona wawo akusamukira kwa mwana wawo ku Durban, ndipo anakuuzani kuti musankhe pakati pa ndalama zotsazikira ntchito ndi boti lakale limene lili kuseri kwa nyumba. Ndiye inu mwasankha boti.

Boti, bambo a Mada? Inu a ku Ntchisi, amene tsiku lobwera kudzandifunsira munaima pa kamtsinje kolekeza m'mawondo mpaka achimwene anga a Alufandika anachita kukugwirani dzanja? Ine ndinangoti kakasi, kalata ili m'manja, mpaka amayi anafunsa ngati kwagwa maliro.

Mwina mwaiwala, ndiye ndikukumbutseni. Nyumba imene munandimangira kuno kwathu ilibe denga. Mvula yachitatu iyi ikugwera m'kati. Njerwa za pamwamba zayamba kugumuka, nkhuku zikuikira m'chipinda chathu, ineyo ndikugonabe kwa amayi ngati mtsikana wosafunsiridwa. Ndalama zotsazikirazo ndi zimene tinkati zidzagula malata.

Komabe achimwene akuti ndisafulumire kukwiya. Paja iwo ndi okhoma maboti a matabwa, ndiye akuti boti ndi chuma, likhoza kufolera nyumba ndi usipa wa mwezi umodzi. Akufunsa kuti ndi lalitali bwanji, injini yake ndi yaikulu motani, ndipo limanyamula makoka angati. Muyankhe msanga.

Ndine mkazi wanu,
Edna


Kempton Park
9 Epulo 1996

Okondedwa mayi a Mada,

Ndasangalala kumva kuti mwana wachira. Ine ndili bwino, kungoti kwayamba kuzizira.

Musakwiye musanamve zonse. Alamu muwauze kuti botili ndi lalitali ngati basi yaing'ono, koma injini lilibe. Limayenda ndi mphepo, lili ndi mlongoti wautali ndi thanga lalikulu loyera. Si la nsomba ayi. M'kati mwake muli timabedi tiwiri, kachitofu, ngakhale chimbudzi. Linakhomedwa ine ndi inu tisanabadwe, ndipo lakhala pa chitsulo kuseri kwa nyumba kuno zaka zambiri osaona madzi. Loweruka lililonse ine ndi bwana tinkalipala ndi sandipepa, kuchotsa matabwa owola, kusokera thonje m'ming'alu ndi kumata phula. Mmenemo munalibe ubwana, tonse tinkatuluka tili mbuu ndi fumbi, tiyi kumwera m'makapu ofanana.

Mufunsa kuti nanga ntchito yake n'chiyani. Ntchito yake n'kuyenda basi. Chaka chatha bwana ananditenga ku damu lalikulu lotchedwa Vaal, ulendo wa maola awiri pa galimoto, tinakakwera boti lotere la mnzawo. Ndinkaopa, sindibisa. Koma thanga litadzaza mphepo, kunangoti zii, kungomveka madzi akunong'ona m'mbali. Anandigwiritsa chiwongolero. Mayi a Mada, chibwerereni ku Joni kuno ndimayenda ndikucheukacheuka kuopa apolisi ofunsa mapepala. Tsiku limenelo lokha sindinacheuke.

Ali m'chipatala, bwana anandigwira mkono n'kunena kuti, "Zakeyu, ine ndalephera, koma iwe ukaliike m'madzi." Mukanakhala inu mukanatani?

Dona wandisiya ndikuyang'anira nyumba mpaka ipeze wogula. Masana ndikupeza maganyu osenza katundu ku Isando, madzulo ndili pa boti. Ntchito yatsala pang'ono. Novembala ndikaliika m'madzi, ndiliyendetse kamodzi kokha, kenako mnzawo wa bwana uja, a Lombard, akuti adzandipezera wogula. Boti loyandama limagulidwa bwino kuposa ndalama zija ndinakana. Khirisimasi ndidzadyera kumeneko, malata ali pa lole.

Ndine mwamuna wanu,
Zakeyu


Benga
6 Meyi 1996

Bambo a Mada,

Moyo ulipo, koma mtima ndiye mulibe.

Kalata yanu ndinaiwerenga pamaso pa achimwene ndi atsibweni a Newton, ndipo ndikanadziwa ndikanaiwerengera kudimba ndekha. Nditafika pa chimbudzi chija, achimwene anaseka mpaka kutsokomola. Nditafika poti ntchito yake n'kuyenda basi, anasiya kuseka. Anandilanda kalatayo kuti aone okha. Akuti chibadwire sanamvepo munthu wolowa m'madzi, kunyowa, kupsa ndi dzuwa, n'kubwerako wopanda ndi kansomba ka kambuzi komwe, ali wokondwa. Atsibweni anangofunsa ngati kumeneko simunayambe kusuta zinazake.

Ine manyazi anandigwira. Kuchitsime ayamba kale kundifunsa kuti akapitawo a sitima abwera liti.

Tsopano mverani, chifukwa izi si zanthabwala. Atsibweni, monga ankhoswe anga, anakwera njinga mpaka ku Ntchisi kukaonana ndi ankhoswe anu. Agwirizana kuti ikafika Khirisimasi nyumba ilibe denga, inunso simunaoneke, banja latha. Akuti mkamwini amadziwika ndi nyumba ndi khasu, osati ndi makalata, ndipo mwana wawo sangakalambe akudikira mtchona.

Ine sindikufuna kuti lithe. Ndalemba poyera kuti musadzati sindinanene. Ndimakufunani, ndipo zikundipweteka kuti munthu wakufa ali ndi mawu kwa inu kuposa ine wamoyo. Gulitsani chinthucho mmene chililimo, ngakhale kwa ofuna nkhuni, mubwere.

Achimwene aona chithunzi munatumiza chija. Akufunsa kuti chinthu chonga chipsepse cha nsomba cholendewera pansi pa botilo n'chiyani, popeza boti lotero silingakokeredwe pamchenga.

Ndine mkazi wanu,
Edna


Kempton Park
17 Juni 1996

Okondedwa mayi a Mada,

Ndikhulupirira nonse muli bwino. Kuno chisanu chafika poumitsa madzi m'ndowa, zala zanga zang'ambikang'ambika.

Za ankhoswe ndamva. Khirisimasi ndi imene ndinanena kale, ndiye palibe chodetsa nkhawa.

Funso la alamu ndi labwino kwambiri. Chimene aonacho azungu amachitcha kili. Ndi chimtovu cholemera kuposa ng'ombe ziwiri, chomangidwa kumimba kwa boti ndi mabawuti aakuluakulu. Ndicho moyo wa boti lonse. Mphepo ikakankha thanga, boti limapendekeka mpaka munthu kuyamba kupemphera, koma kulemera kwa pansiko kumalidzutsanso. Popanda chimenecho likhoza kugudubuzika ngati mbale. Mtovu wotere masiku ano sungaupeze wamba, bwana ankati ndi wodula kuposa matabwa onse pamodzi.

Sabata yatha ndinamaliza kupaka vanishi kachisanu. Mukanaona mmene matabwa akuwalira! Ndapeza kuti chiwongolero chinali ndi mng'alu, ndiye ndachimanga ndi guluu wa mtundu wina amene a Lombard anandipatsa. Zingwe za mlongoti zina zinachita dzimbiri, ziwiri ndasintha, zina ndikuyembekezera malipiro a ku Isando. N'chifukwa chake mwezi uno sindinatumize kanthu, mundimvetse. Thanga ndinalichapa ndi kuliyanika pa kapinga, linadzaza bwalo lonse, mpaka oyandikana nawo anasuzumira pampanda.

Masiku ano ndikugona m'boti momwemo. Ndi mofunda kusiyana ndi kuchipinda kwa antchito.

Ndine mwamuna wanu,
Zakeyu


Benga
20 Ogasiti 1996

Bambo a Mada,

Amayi tinawaika pa 14 Julayi. Uthenga munaulandira, chifukwa a Dauda oyendetsa lole aja akuti anakupezani okha pageti. Mwabweza mawu apakamwa oti pepani, simungasiye nyumba ya dona yopanda mlonda. Zikomo.

Kalata yanu ya Juni ndinaisunga. Masamba awiri, vanishi yekhayekha. Dzina la mwana wanu mulibemo.

Tsopano ndikugona ndekha ndi Mada m'kanyumba ka malemu, kamenenso kakudontha. Achimwene akuti zokambirana pa pepala zakwana. Akwera lole ya a Dauda mwezi wamawa kudzakuonani maso ndi maso, ndiponso kudzaona ngati botilo lingabwere kuno kuti ligwire ntchito ngati maboti anzake. Muwalandire, ndi alamu anu.

Ndine mkazi wanu,
Edna


Dukathole, Germiston
28 Okutobala 1996

Mlongo wanga Edna,

Ndikukupatsa moni pamodzi ndi mphwanga Madaliso. Ine ndili moyo, ngakhale Joni ndamuona pokwana. Ndikulemba ndili m'kachisakasa ka malata kwa anzake a Dauda, kumalo kumene anthu apanikizana ngati usipa pa thandala. Chifukwa chimene ndilili kuno osati kwa alamu, ndi chimene ndikufuna ndikuuze, usamve kwa ena.

Alamu anandilandira bwino. Awonda, koma nzeru zawo n'zabwinobwino, kupatula pa nkhani ya boti. Botilo ndiye eee, ulemu ndiwapatse. Ine ndakhoma maboti zaka makumi awiri, koma matabwa ogwirana chotero sindinawaonepo, ungathe kumetera ndevu pakhoma pake. Ndinawauza kuti ili tikaliika injini kumbuyo, ku Benga kulibe angatipose. Iwo anayamba za thanga, za mphepo, za kili wawo uja. Ndinawafunsa kuti ndi liti mwala unathandiza boti kuyandama. Anafotokoza mpaka thovu kukamwa, ine ndinangoti munthu wa ku Ntchisi wanamizidwa ndi azungu.

A Dauda atabwera kudzayeza, anati botilo likhoza kukwana pa lole pobwerera, koma chipsepsecho chikulitalikitsa, silingadutse pansi pa milatho. Ndipamene ndinakanda ndi mpeni n'kuona kuti ndi mtovu weniweni. Mlongo wanga, denga lako lakhala likulendewera pansi pa boti nthawi yonseyi!

Alamu atapita ku damu kuja kukakonza za ngolo yodzanyamulira boti, ine ndinati ndiwathandize, pakuti pawokha sakanalimba mtima. Ndinaitana anyamata ogula zitsulo zakutha. Anabwera ndi majeki, tinakhazika boti pa migolo ndi mitengo, ine ndinalowa m'kati ndi sipanala kumasula mabawuti. Mosamala, thabwa ndi limodzi lomwe silinang'ambike. Mabowo ndinatseka ndi zikhomo monga timachitira kwathu. Ndalama yake sindinadyepo, yonse ndagula malata ndi misomali, a Dauda anyamuka nazo dzulo.

Lolemba alamu anafika ndi ngolo ndi mzungu wawo uja, a Lombard. Ine ndinaima pambali ndikumwetulira, kuyembekezera zikomo. Alamu anazungulira boti, n'kugwada, n'kusuzumira pansi. Kenako anakhala pa dothi n'kuyamba kulira. Osati kulira kwa mwamuna kobisa nkhope ayi, kulira kwa pamaliro, manja kumutu, kugubuduka pa kapinga, mpaka agalu a m'mipanda yonse anayamba kuuwa. Chimene alamu ananena n'chimodzi: "Alamu, mwandipha."

Mzunguyo anatukwana m'chinenero chawo, n'kutithamangitsira ku malo a zitsulo kuja pa galimoto, koma tinapeza mtovu ataudula kale n'kuutumiza kosungunula. Akuti kuumba wina n'kodula kuposa boti lenilenilo, ndipo popanda iwo palibe angaligule. Ine ndinati nanga bwanji osangotsitsa thangalo n'kuika injini. Alamu ananditulutsira chikwama pageti, osanditukwana, osandiyang'ana. Ndamva kuti masiku atatu sanadye.

Zoti boti libwere kumudzi akana. Koma iwe denga walipeza, ndipo banja lako ndalipulumutsa. Mpaka lero ine cholakwa changa sindikuchiona. Ndibwera ndi basi ndikapeza yokwerera.

Ndine mlongo wako,
Alufandika


Benga
2 Disembala 1996

A Zakeyu,

Ndikhulupirira mwayambanso kudya.

Malata anafika. Amisiri anakhoma sabata yatha, ndipo mvula ya Lachinayi inatipeza tili m'kati, ine ndi Mada, osasuntha mphasa. Zimene anachita achimwene n'zolakwa. Anagulitsa chinthu cha eni ake, ndipo ndawauza pamaso pa anthu kuti kumeneko n'kuba, ngakhale wakubayo atakhala mlongo wanga. Sitikulankhulana.

Dzulo ankhoswe a mbali zonse anakumana pakhonde la nyumba yatsopanoyi. Atsibweni a Newton anali okondwa, akuti denga laoneka, ndiye mwini wake ngakhale atachedwa ndi mwezi tingamudikire, banja lilipo. Ankhoswe anu anawomba m'manja. Kenako anandifunsa ine, mwamwambo chabe, ngati ndili ndi mawu.

Ndinali nawo. Ndinawauza kuti banja ndalikana ine.

Anthu anangoti kukamwa yasa. Atsibweni anagwetsa chipewa, azakhali anu anayamba kulira, ena ankati ndalodzedwa, mkazi wanji wokana mwamuna tsiku limene wamufolerera nyumba. Inenso ndinadabwa kumva mawu anga. Koma sindinabweze.

Ndikuuzeni chifukwa chake, popeza muyenera kumva kwa ine. Chiwerengereni kalata ya achimwene, chimene chakhala m'mutu mwanga si mtovu ayi. Ndi inu, mukugubuduka pa kapinga. Ine ndinkadziuza kuti mwamuna wanga ndi wouma maso, ndi chibadwa chake, salira. Mada atatsala pang'ono kutisiya ndi malungo munalemba mzere umodzi. Amayi, amene ankakuphikirani ngati mwana wawo, munawatumizira pepani wa pakamwa pa dalaivala. Ndinkakukhululukirani poganiza kuti misozi mulibe. Kani muli nayo yambiri, yokwana masiku atatu. Inali ndi mwini wake basi.

Sindikukuderani. Chinthucho munachikonda, ndipo mwina chinakupatsani zimene ine sindikanatha. Koma ndatopa kukhala mbeta ya mwamuna wamoyo, ndipo denga ili simunanditumizire ndinu, anachita kukulandani.

Mwambo mukuudziwa. Mkamwini sachoka pamudzi asanamalize nyumba ya mkazi ndi ana. Yanu yatha, ndiye mulibe mlandu kuno. Ankhoswe anu atenga khasu lanu, njinga ndi sutikesi ija, zili ku Ntchisi. Madaliso ndi mwana wanu, mudzamuona nthawi iliyonse, koma mudzafikire kwa atsibweni.

Ndine mayi a Madaliso,
Edna


Kempton Park
8 Disembala 1996

Okondedwa mayi a Mada,

Moni wochokera pansi pa mtima, inu ndi mwana. Chilandirireni kalata yanu ya Ogasiti sindinaonenso ina, kaya ndi positi ya masiku a Khirisimasi ano, kaya mwandikwiyira. Inenso ndakhala chete, mundikhululukire. Dzanja limakana kugwira cholembera.

Zimene anachita alamu munamva. Sindibwereza. Ndinayendayenda m'malo a zitsulo kuyambira ku Germiston mpaka ku Benoni kufunafuna mtovu, a Lombard anayesanso kufunsa anzawo, koma mtengo wake ngakhale nditasenza katundu ku Isando zaka zitatu sindingaufike. Nyumba nayo yagulidwa, eni ake atsopano anati chinthucho chichoke pabwalo.

Ndiye lapita. Amene analigula ndi mayi wina wa ku Chipata, a Maureen, amene amagulitsa tomato ndi makala ku Dukathole. Analikoka pa ngolo n'kukalikhazika pakati pa zisakasa. Lachisanu ndinapita kukaliona. Mayi a Mada, adula windo m'nthiti mwake ndi sowo, pamatabwa paja ndinapaka vanishi kasanu. Pamenepo ndi pogulitsira buledi ndi parafini. Mlongoti aimika panja, amangirirapo chingwe choyanikira zovala. Ndinaima nthawi yaitali, mpaka mayiwo anandifunsa ngati ndikugula kanthu. Ndinagula machesi.

Madzi silinawaone. Mawu a bwana ndalephera kuwasunga, ndipo zimenezi zidzandiwawa mpaka kalekale. Koma pobwerera, ndili mu sitima, ndinadzifunsa kuti kodi ndikulirira chiyani ngati munthu wopanda kwawo. Ndili ndi mkazi amene wandidikira zaka zonsezi osacheukira kwina. Amuna anzanga kuno alibe mwayi wotero. Alamu muwauze kuti nkhani yatha, ndidzawapatsa moni.

Joni ndathana naye. Tikiti ndagula kale, ndinyamuka pa 18, ndiye pa 21 masana ndidzakhala nditatsika pa siteji ya Benga, Khirisimasi isanakwane monga anafunira ankhoswe. Ndalama za a Maureen ndagulira zitseko ziwiri ndi mawindo. Inu ndakugulirani nsalu ndi bulangete lolemera, Mada nsapato za kusukulu, kungoti ndayerekeza chabe kukula kwa phazi lake. Manda a amayi mudzandiperekeze tsiku lomwelo.

Musavutike kudzandichingamira ngati kuli mvula. A Dauda akuti denga lathu likuonekera ukangotsika basi, ndiye ndidzafika ndekha.

Ndine mwamuna wanu,
Zakeyu